Kusanjanso Miyala Yamoyo mu Thanki ya Madzi Amchere Imene Yakhazikika Kale

Anthu amene timasunga nsomba ndi makorali a m'nyanja yamchere (zamoyo zokhazikika pamalo amodzi ngati zomera, zina zokhala ndi mafupa olimba ngati mwala) kuno ku Zomba ndife owerengeka, ndipo aliyense wa ife amadziwa kuti mwala uliwonse umene uli m'thanki mwake unayenda ulendo wautali kuti ufike kuno. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mchere wosakaniza ndi madzi, makorali ndi miyala yomwe, zonse zimachita kuitanitsidwa kunja. Makorali olimba pamodzi ndi miyala yochokera m'matanthwe awo ali pansi pa pangano la CITES loteteza zamoyo pa malonda a pakati pa mayiko, kutanthauza kuti sadutsa malire a mayiko popanda zikalata. Ndayambira pamenepa chifukwa mwala ukakuferani m'manja simungathamangire kumsika kukagula wina, ndipo zimenezi ziyenera kulamulira mmene mungaugwirire.

Mwala umene ogulitsa amautcha live rock, kutanthauza mwala wamoyo, ndi mafupa a makorali amene anafa kalekale. Ndi wopepuka poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo m'kati mwake muli tinjira ndi timabowo tosawerengeka ngati m'chulu. Moyo wake ndi zimene zakhazikika pamwamba ndi m'kati mwa timabowoto. Muli mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba, kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako nitrite kukhala nitrate wosaopsa kwambiri, ndipo m'katikati mwenimweni, mmene mpweya wa okosijeni sufika bwino, muli ena amene amachepetsa nitrate yemweyo. Pamwamba pamamera ndere yolimba yofiirira kapena yapinki yotchedwa coralline, kunsi kwamdima kumakhala masiponji (tinyama tofewa tosayenda), ndipo m'mabowo mumabisala nyongolotsi, tinkhanu ndi tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Miyalayi ndiyo sefa yaikulu ya thanki yonse. Munthu amene anazolowera kusunga mbuna za m'Nyanja ya Malawi amatha kutulutsa miyala yake, kuikwecha ndi kuibwezera popanda vuto lalikulu, koma akachita zomwezo ndi miyala yamoyo amakhala atapha chinthu chimene chinatenga miyezi yambiri kuti chikhwime. Miyala ya m'phiri lathu la Zomba nayonso singalowe m'malo mwake, pakuti ndi yolemera, yogwirana, ndipo ilibe timabowo tokhalamo mabakiteriya.

Musanaviike dzanja m'madzi, dzifunseni chimene chikukukakamizani. Pali zifukwa zomveka: mulu wa miyala ukugwedera ndipo tsiku lina udzagwera galasi, pali ngodya imene madzi sayenda ndipo zinyalala zikuunjikana, makorali ena akula mpaka kutchinga kuwala kwa anzawo kapena kuwaluma, kapena pali nkhanu yolusa imene yabisala pansi ndipo ikutha nkhono zanu. Kungotopa ndi maonekedwe a thanki, ine ndimaona kuti si chifukwa chokwanira. Ngati vutolo lingathe posuntha mwala umodzi kapena iwiri, sunthani yokhayo. Ngati thankiyo ndi yaikulu ndipo mukufuna kusintha zonse, ndi bwino kukonza mbali imodzi, kudikira masabata awiri kapena atatu, kenako n'kukonza inayo, kuti nthawi zonse theka la mabakiteriya likhale losasokonezedwa. Ndipo ngati nsomba ina ikudwala, kapena mwangoikamo yatsopano, kapena zoyezera madzi zikuonetsa kusinthasintha, ntchitoyi idikire.

Sankhani tsiku limene mulibe kopita, ndipo yambani m'mawa. Nyengo ya kuno iganiziridwe. Thanki ya makorali imafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 24 ndi 26, koma mu June ndi July, makamaka chiperoni chikakuta phiri, madzi a m'beseni losungiramo makorali pa ntchitoyi, likaikidwa pasimenti, amazizira msanga kwambiri, ndipo makorali amavutika ndi kutsika kwadzidzidzi kotero. Yalani makatoni kapena bulangeti lakale pansi pa mabeseni, ndipo beseni la makorali likhale ndi hita yakeyake. Mu October ndi November vuto limatembenuka, ndipo chofunika ndi kutalikitsa mabeseni ndi dzuwa la pawindo. Konzekeraninso kuti magetsi atha kuzima ntchito ili pakati. Kapampu kopopera mpweya koyendera mabatire ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi zimene kamapulumutsa, chifukwa nsomba zopanikizana mu ndowa zimamaliza mpweya m'kanthawi kochepa.

Dzulo lake sakanizani madzi atsopano, ogwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO (ochotsa zosungunuka m'madzi) ndi mchere wopangidwira mathanki a makorali, osati mchere wa kukhitchini. Asiyeni azizungulira ndi pampu usiku wonse, ndipo m'mawa muwayeze ndi refractometer, chida choyezera mchere, kuti mchere wake ufanane ndi wa m'thanki, umene kawirikawiri umakhala 1.025 kapena 1.026. Konzani osachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi a m'thanki, ndiye kuti ngati thanki yanu ndi ya malita 300, mukhale ndi malita 75 kapena kupitirirapo. Mabeseni ndi ndowa zikhale zapulasitiki, zatsopano kapena zimene mumasungira ntchito ya thanki yokha, zosakhudzapo sopo, palafini kapena mankhwala ophera tizilombo. Ndowa yachitsulo isayandikire, ndipo chilichonse cha kopa ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi shrimp (tinyama tofanana ndi nkhanu, tathupi lalitali). Jambulani thanki ndi foni kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, kuti mudzakumbukire kuya kumene korali aliyense anali. Lembani papepala mmene mukufuna miyala idzakhalire. Kwa masiku atatu kapena anayi ntchito isanachitike, muziuzira miyala ndi kapampu kakang'ono kuti zinyalala zituluke m'mabowo n'kugwidwa ndi sefa, ndipo pa tsiku lenilenilo nsomba musazidyetse.

Tsopano za chitetezo chanu, ndipo apa ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa. Makorali ena ofewa, makamaka a mtundu wa Palythoa ndi ena mwa ma zoanthid, amene amaoneka ngati timaluwa tothithikana pamwala, amakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene amadziwika m'chilengedwe. Amalowa kudzera pabala, m'maso, m'kamwa, ngakhalenso popuma nthunzi yake. Pachifukwa chimenechi musawiritse mwala wamoyo, musauthire madzi otentha, ndipo musaukweche ndi bulashi yawaya kunja kwa madzi, ngakhale mukuganiza kuti palibe chimene chamerapo. Anthu m'mayiko osiyanasiyana agonekedwapo m'chipatala banja lonse chifukwa cha nthunzi ya mwala woterewu. Valani magolovesi aatali olimba ndi magalasi oteteza maso, tsegulani mawindo, ana ndi ziweto akhale kutali, ndipo ngati muli ndi bala kudzanja dikirani lipole. Mukamva kukoma kwachitsulo m'kamwa, kubanika, kutentha thupi kapena kuphwanya kwa minofu mutagwira makorali, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukawauze dzina la poizoniyo. Magolovesi amakutetezaninso ku nyongolotsi zaubweya zobisala kunsi kwa miyala, zimene ubweya wake umabaya ndi kuyabwa ngati chitedze. Zikakugwirani musakande, koma matanipo tepi ndi kuimatula kuti ubweyawo uchoke, kenako viikani malowo mu viniga.

Pezani munthu wokuthandizani. Ine amandithandiza ndi alamu anga, ndipo ntchito yawo ndi kulandira mwala uliwonse, kuuviika, ndi kuyang'anira kutentha kwa madzi a m'mabeseni, kuti ine ndisachotse maso m'thanki.

Yambani ndi kuzimitsa hita ya m'thanki n'kuidikira mphindi 15 kuti izizire, pakuti hita yotentha ikatulukira pamwamba pa madzi imatha kusweka. Zimitsani mapampu onse ndi skimmer (chida chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), ndipo muchepetse kuwala kwa nyali. Musanakhudze mwala uliwonse, kokani ndi paipi madzi oyera a pamwamba kupita m'mabeseni. Zimenezi zichitike poyamba chifukwa mukangosuntha mwala woyamba madzi oyera sadzapezekanso. Dzazani beseni la makorali, beseni lalikulu la miyala, ndowa ya nsomba, ndi beseni lina laling'ono lotsukuluziramo. Kenako chotsani makorali onse amene sanamatike, kuyambira a pamwamba, ndipo muwaike motalikirana kuti asakhudzane, chifukwa akapanikizika amatulutsa mamina ndi kulumana. Ngati muli ndi anemone, nyama yofewa yooneka ngati duwa imene imakakamira pamwala ndi phazi lake, musaikoke. Phazi lake likang'ambika imatha kufa ndi kuwononga madzi onse. Isunthidwe pamodzi ndi mwala umene yakakamirapo.

Miyala ichotsedwe kuyambira pamwamba kutsika pansi, umodzi umodzi, ndi manja awiri. Nyamulani pang'onopang'ono ndipo muimike kaye mwalawo m'madzi kwa kamphindi, chifukwa nsomba zazing'ono monga blenny ndi goby zimathawira m'mabowo ndipo mutha kuzitulutsa osadziwa. Mwala uliwonse uviikeni m'beseni lotsukuluzira, muutembenuze ndi kuugwedeza mwamphamvu. Mudzadabwa ndi zimene zidzatuluke, pakuti mwala wooneka woyera umasandutsa madzi kukhala ngati a mtsinje wa Likangala mvula ikagwa kuphiri. Madziwo akada atayeni n'kuthiramo ena. Mukatero mwalawo ulowe m'beseni lalikulu, umire wonse, mbali imene inali pamwamba ikhale pamwamba.

Nthawi imene mwala uli kunja kwa madzi ikhale yochepa zedi. Mabakiteriya ndi coralline zimapirira mphindi zingapo bola mwala ukhale wonyowa, koma masiponji sapirira. Mpweya ukalowa m'tinjira tawo umatsekeka momwemo, ndipo siponji imayamba kufa pang'onopang'ono, n'kudzawola patapita masiku, mwala uli kale m'thanki. Ammonia amene amadabwitsa anthu tsiku lachitatu kapena lachinayi nthawi zambiri amachokera kumeneku. Mwala umene uli ndi masiponji ambiri ulowetseni m'chidebe kapena m'jumbo yolimba muli m'madzi momwemo, ndipo muunyamule ndi madzi ake. Mwala uliwonse muziununkhiza chapatali. Wabwino umamveka fungo la nyanja, pamene wokhala ndi chakufa umanunkha ngati dzira lowola. Mukapeza malo otuwa kapena akuda oterereka, palani chakufacho ndi mpeni wapulasitiki m'beseni lotsukuluzira. Iyi ndi nthawinso yoona adani obisala, monga Aiptasia, kanyama kofiirira kooneka ngati anemone kakang'ono. Musakapale m'thanki, chifukwa kachidutswa kalikonse kamamera kena, koma phimbani bowo lake ndi epoxy (phala lomatira limene limalimba) kapena patulani mwalawo.

Miyala ikachepa nsomba zimagwidwa mosavuta. Ngati mukusanja thanki yonse, zichotseni, ziikeni mu ndowa yovindikira yokhala ndi mpweya ndi zidutswa za paipi ya pulasitiki zobisalamo. Ngati mukukonza mbali imodzi yokha, zisiyeni zithawire ku mbali inayo.

Choopsa chachikulu pa ntchito yonseyi chili pansi pa miyala ya m'munsi. Mchenga umene wakhala zaka wosasunthidwa umasunga zinyalala zambiri, ndipo pamene okosijeni safika pamapangika mpweya wa hydrogen sulfide, umene umadetsa mchenga ndi kununkha ngati dzira lowola. Mpweya umenewu ndi poizoni kwa nsomba. Ulendo woyamba umene ndinasanja miyala yanga ndinazula mwala waukulu wa pakona mwakamodzi, nsomba zili momwemo. Pansi pake panatuluka chimtambo chotuwa chimene chinafalikira thanki yonse, mchenga wa pamalopo unali wakuda ngati phulusa lonyowa, ndipo fungo linafika mpaka kukhitchini. Alamu anga anati, "Alamu, onani nsomba ija yachikasu," ndipo nditayang'ana inali pamwamba pa madzi ikupuma mofulumira. Tinaisamutsira mu ndowa n'kusintha madzi onse amene ndinali nawo, koma m'mawa mwake ndinaipeza itafa. Inali itakhala nane zaka zitatu, ndipo zimandiwawabe chifukwa inafa ndi dzanja langa.

Njira yoyenera ndi iyi. Wokuthandizani agwire paipi yokoka madzi pafupi penipeni ndi tsinde la mwala, ndipo inu mupendeketse mwalawo pang'ono pokha, kuti zinyalala zotuluka zilowe m'paipi zisanamwazike. Pitirizani kupendeketsa pang'onopang'ono mpaka mwala utasiyana ndi mchenga. Pamene pali pakuda, kokani mchengawo ndi paipi n'kuutaya. Mchenga wosaya, wa masentimita awiri kapena atatu, mutha kuutsuka pamwamba ndi paipi chigawo ndi chigawo. Koma ngati wanu ndi wakuya masentimita 10 kapena kuposa, musauvundule konse kupatula pamene mwala watsopano ukhale. Ndipo ngati miyala ya pansi yakhala bwino ndipo sikugwedera, nzeru ndi kuisiya pomwepo n'kusintha ya pamwamba yokha.

Pomanga, miyala ya pansi ikhale pagalasi, osati pamchenga. Kankhirani mchenga pambali ndi dzanja mofatsa, khazikani mwala mosauponya, kenako bwezerani mchenga m'mbali mwake. Mwala wokhala pamchenga umaoneka wolimba lero, koma goby kapena shrimp yokumba ikafukula pansi pake mulu wonse umatitimira. Mwala uliwonse ukhudze pansi pa malo atatu, monga mphika umakhalira pa mafuwa, chifukwa wokhudza pawiri umapendama ndipo wokhudza pamodzi umazungulira. Yolemera ndi yotambalala ikhale pansi, yopepuka ndi yanthambi ipite pamwamba. Mukaika mwala, ukankheni ndi chala kuchokera mbali zonse. Ukagwedera pang'ono pokha, utembenuzeni mpaka upeze pokhala, chifukwa nkhono yaikulu kapena urchin (nyama yozungulira yaminga) idzaukankha usiku inu mukugona.

Samalani kuti mbali imene inkaona kuwala ionenso kuwala. Mukatembenuza mwala chadodolido, coralline ndi timakorali timene tinali pamwamba timafera mumdima, ndipo masiponji amene anali kunsi amafa ndi kuwala ndi ndere, ndiye mumataya mbali zonse ziwiri. Siyani mpata wokwana dzanja pakati pa miyala ndi galasi la kutsogolo ndi la m'mbali kuti chotsukira cha maginito chizidutsa. Musamange khoma lotsamira galasi la kumbuyo, ngakhale ambiri timayamba choncho, pakuti kuseri kwa khoma loterolo madzi amaima ndipo zinyalala zimaunjikana. Milu iwiri yosafanana kukula, yokhala ndi mpata pakati ndi mapanga odutsamo nsomba, imalola madzi kuzungulira ndipo imapatsa nsomba iliyonse pobisala. Msinkhu wa miyala usapitirire kwambiri theka la kuya kwa thanki ngati mukufuna makorali anthambi, chifukwa iwo adzakwera okha.

Pamene miyala ikukana kugwirana, gwiritsani ntchito epoxy wopangidwira mathanki a nsomba pamodzi ndi guluu wa cyanoacrylate wolimba ngati phala, amene amagwira ngakhale m'madzi. Pakani guluu pamwala, ikanipo kachibulumwa ka epoxy, pakaninso guluu pamwamba pake, kenako kanikizani mwala wachiwiri ndi kuugwira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Epoxy payekha sagwira bwino mwala wonyowa, amangodzaza mpata, pamene guluu ndiye amamatira. Zomangira zapulasitiki zodutsa m'mabowo zimathandizanso, ndipo coralline imadzaziphimba. Waya, misomali ndi simenti ya kumangira nyumba zisalowe m'thanki. Dziwaninso kuti epoxy amachititsa skimmer kusefukira thovu kwa tsiku limodzi kapena awiri, choncho muichepetse mphamvu poyatsa.

Apa pamabwera chiyeso chofuna kuphwasula ndi kumanganso kufikira zitafanana ndendende ndi zimene munajambula papepala. Miyala sidzafanana nazo. Mulu ukakhala wolimba, madzi ali ndi podutsa, ndipo makorali ali ndi pokhala, lekani, chifukwa nthawi yonse imene mukutembenuza miyala madzi a m'mabeseni akuzizira ndipo nsomba zili mu ndowa.

Thirani madzi atsopano kudzera pambale yapulasitiki yoikidwa pamchenga kuti asafukule pansi. Madzi a m'beseni la miyala ndi lotsukuluzira atayidwe. Yatsani mapampu, ikani thonje latsopano losefera, ndipo hita muiyatse pokhapokha yamira. Ikaninso makala osefera madzi otchedwa activated carbon, amene amayamwa mankhwala otulutsidwa ndi makorali ofewa akasautsidwa. Makala ophikira si omwewo ndipo asayesedwe. Madzi akayamba kuyera, bwezerani makorali pa kuya kumene anali, mothandizidwa ndi zithunzi zija. Korali amene anazolowera mthunzi akaikidwa mwadzidzidzi pafupi ndi nyali amayera ndi kufooka, choncho ngati mukufuna kumukweza, yambani pansi ndi kumukweza pang'onopang'ono m'masabata angapo. Mitundu monga Galaxea ndi Euphyllia imatulutsa timikono tatitali toluma usiku, ndiye ipatseni mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kuchokera kwa anzake. Ponyani kachakudya kochepa m'madzi ndi kukatsatira ndi maso. Pamene kakukhazikika ndi pamene zinyalala zidzaunjikana, ndipo mutembenuze pampu kuti iuzire pamenepo. Ngati muli ndi anemone, phimbani pakamwa pa mapampu ndi siponji yosefera madzi, chifukwa mafunde akasintha imayamba kuyenda kufunafuna malo atsopano.

Nsomba zibwerere pomaliza, nyali zili zozima, zofatsa poyamba ndipo zolusa pambuyo. Malire amene zinagawana kale afafanizika, ndiye kwa masiku angapo zidzathamangitsana. Zimenezi zimatha zokha ngati mapanga ndi okwanira, koma ngati ina yapanikizidwa pakona ya pamwamba ndipo sikudya, ipatuleni.

Thonje losefera lisinthidwe patapita maola ochepa, kenako m'mawa mwake. Kwa sabata yathunthu yezani ammonia ndi nitrite tsiku lililonse, ndipo zonse ziwiri ziyenera kukhala pa 0. Zikangoonekera, sinthani madzi okwana 20 peresenti, funafunani chimene chikuwola, ndipo muchepetsenso chakudya. Chifukwa chake khalani ndi madzi ena osakaniza kale m'chigubu sabata yonseyo. Alkalinity, imene ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi ndipo imayezedwa mu dKH, ikhale pamene inali, penapake pakati pa 7 ndi 11 dKH, ndipo musaikweze mwadzidzidzi. Makorali kukhala otseka masiku awiri kapena atatu si chachilendo, koma mnofu ukayamba kusupuka n'kuonetsa fupa loyera, msunthireni pamalo a kuwala kochepa ndi mafunde ofatsa. Yang'anani matupi a nsomba ngati patuluka timadontho toyera ta matenda a Cryptocaryon, amene amakonda kubuka nsomba zikasautsidwa, ndipo musaonjezere nsomba yatsopano kwa mwezi wathunthu.

M'sabata yachiwiri malo a mwala amene angoyamba kuona kuwala adzachita utoto wofiirira ngati fumbi. Ndi ndere yotchedwa diatom, ndipo nkhono zidzaidya popanda inu kutulutsanso mwala. Usiku, patapita ola limodzi nyali zitazima, tengani tochi yaing'ono muunike m'munsi mwa milu. Onani ngati pali mwala umene watitimira kapena mchenga umene wafukulidwa pansi pake, ndipo onani ngati tizilombo toyera ting'onoting'ono tayambanso kuthamanga pagalasi ndi m'mabowo. Tikaoneka, ndipo ammonia akhala pa 0 kwa masiku asanu ndi awiri otsatizana, mutha kubwezera nsomba chakudya chawo cha masiku onse.